Kampope ka Mng'ono Wake

Pakhomo pa bambo Kimitei, kumtunda kwa Iten kuja kumene minda ya tirigu imathera pa phompho, panalibe chimene mwana angalirire. Ng'ombe zinalipo, ndipo chambiko sichinkatha m'zipanda. Bambowo anali mkulu wa mpingo, munthu wosakonda zolankhulalankhula, ndipo mkazi wawo ankadziwika ndi tiyi wamkaka amene mlendo akamwa ankaiwala kutsanzika. Mulungu anawapatsa ana aakazi awiri, Jeptanui ndi mng'ono wake Mercyline, onse a miyendo yaitali ngati atate awo. Kwathu kuno mwana wa miyendo yotere safunsidwa ntchito imene adzagwire akadzakula, amangomugulira nsapato zothamangira.

Atsikanawa ankagawana chilichonse. Bedi linali limodzi, juzi limodzi, chikwama chimodzi, ndipo nsapato zikamuthina wamkulu zinkapita kwa wamng'ono. Mbandakucha gulu la othamanga likamadutsa mumsewu wa dothi lofiira, awiriwa ankalowa kumchira kwake, Jeptanui patsogolo, Mercyline m'mbuyo akulira pachifuwa ngati kamwana ka mphaka. Mercyline anabadwa ndi mphumu. Ikamugwira panjira ankagwada, maso ali tuzu, ndipo Jeptanui ankamubereka mpaka kunyumba. Nkosavuta kukonda munthu amene ali kumbuyo kwako, ndipo masiku amenewo Jeptanui ankamukondadi mng'ono wakeyo.

Zinthu zinasintha pamene a Sirma, kochi wa kampu ya atsikana othamanga, anatengera Mercyline kwa dokotala wa zam'chifuwa ku Eldoret. Anamuyesa mankhwala angapo osamuyanja, mpaka anapeza kampope kopopera m'kamwa kamene kanamutsegula chifuwa. Vuto linali loti mankhwala a m'kampopemo anali m'gulu la oletsedwa kwa ochita mipikisano. Choncho dokotala analemba, a Sirma anayendayenda m'maofesi, madokotala ena anaunika, ndipo patapita miyezi chilolezo chinatuluka. Chinkati Mercyline Kimitei, chifukwa cha matenda ake, atha kumwa mankhwalawo pamlingo wakutiwakuti popanda mlandu.

A Sirma anasonkhanitsa atsikana onse pa udzu nawauza mosapsatira. Anati chilolezocho chili ndi dzina la munthu mmodzi, ndipo wina aliyense amene mankhwalawo adzapezeke mumkodzo mwake adzalira yekha.

"Kampope aka sikapatsa munthu liwiro," anatero. "Kamangomufikitsa Mercyline pamene nonsenu munabadwira. Inu mpweya mumaupeza waulere, iye amachita kuupempha."

Chaka chisanathe Mercyline anayamba kuonetsa anthu zidendene. Anapambana mpikisano wa sukulu, kenako wa boma lonse, ndipo Jeptanui anali wachitatu, nthawi ina wachisanu. Tsiku lobwera ndi chikho mudzi wonse unakamuchingamira pa siteji ya minibasi. Amayi anamuveka nkhata ya masamba, ndipo poti manja awo anali otanganidwa, anapatsa Jeptanui chipanda cha chambiko kuti amwetse wopambanayo monga mwa mwambo. Jeptanui anachigwirizira pakamwa pa mng'ono wake akumwetulira, amayi a mumpingo akululutira. Anamva mayi wina akufunsa mnzake kuti kodi wamtaliyu ndani, ndipo mnzakeyo anayankha kuti ndi mkulu wake wa Mercyline.

Mawu amenewo anamudya. Iye ndiye anayamba kuthamanga, iye ndiye anaphunzitsa kamwanako kumanga zingwe za nsapato, lero dzina lake lasanduka mkulu wake wa Mercyline. Nsanje inamulowa ngati chiswe mumtengo wa denga, kunja osaoneka kanthu. Akamva atate ake akupempherera chifuwa cha Mercyline pa chakudya, ankadikira kuti amve ngati atchulanso iye. Akaona amayi akusokera kathumba ka kampope m'kabudula wa mng'ono wake, ankatuluka panja.

Kuseri kwa golosale ina m'tauni kunali kachipinda ka Kibor, mwamuna wosisita miyendo ya othamanga. Anthu ankamutchula kuti Dokota ngakhale kuti khomo la sukulu ya udokotala sankalidziwa kumene linaloza. Manja ake anali abwino, koma pakamwa pake panali pabwino kuposa manjawo, ndipo ankadziwa kupeza pamene munthu pakumuwawa. Tsiku lina akumuthowa akatumba, anamufunsa Jeptanui ngati amakhulupiriradi nkhani ya mphumuyo.

"Akudwaladi. Ndimagona naye, ndimamumva."

"Aa, chemwali, dzuka. Mphumu yanji yosiya anthu athanzi m'fumbi? Mng'ono wako ali ndi mapapo atatu, lachitatulo amayenda nalo m'thumba. Chilolezo ndi njira ya ochenjera yobera masana dzuwa likuswa mtengo."

Jeptanui anati a Sirma anawachenjeza, koma Kibor anangoseka. Anati oyeza mkodzo amalimbana ndi akatswiri a pa wailesi yakanema, alibe nthawi ndi ana asukulu. Anatinso ngakhale atamugwira, papepalapo palembedwa Kimitei, ndipo iyenso ndi Kimitei, mimba imodzi, magazi amodzi. Nanga juzi amabwerekana, kampope ndiye kangavute chiyani? Anamuuza kuti wathanzi amafunika kupopera kambiri ndithu kuti zimveke m'thupi.

Madzulo ake amayi anamupeza m'chipinda atagwira kampopeko, akukatembenuzatembenuza.

"Bweza pamene wakatenga."

"Ndimangoona, amayi."

"Ndakubala ine, maso akowo ndimawadziwa. Gawanani zonse, koma mankhwala a mnzako ndi poizoni. Iwe Mulungu anakupatsa chifuwa chabwino, ukusirira matenda?"

Jeptanui anakabweza, nati amayi nthawi zonse amaikira kumbuyo mwana wawo wokondedwa. Amayiwo anapita kukakama ng'ombe.

Mwezi wa Januwale kunali mpikisano waukulu ku Eldoret wosankha atsikana oti alowe timu ya dziko. Otsogola ochepa okha ndiwo ankatengedwa kukakwera ndege. Jeptanui anagwira ntchito ngati bulu nyengo yonseyo, ndipo pa zokonzekera anayamba kumufika mng'ono wake paphewa, masiku ena kumupitirira kumene. A Sirma anamuuza kuti chaka chino ndi chake. Koma munthu wansanje samva zabwino zonena za iye, amangomva za mnzake. Iye ankangoti tsiku la mpikisano Mercyline adzapopera kampope kake, ndipo zidzatha monga mwa masiku onse.

Mercyline ankasunga timipope takutha m'chitini pawindo, kudikira tsiku lokatibweza kuchipatala. Jeptanui ankadziwa chinthu chimodzi chimene ambiri sadziwa, choti kampope kotha mankhwala kamalirabe kuti psii ukakadina, kumangotuluka mpweya wachabe. M'mawa wa mpikisano, mng'ono wake ali kosamba, anatenga kamodzi m'chitinimo nakalowetsa m'kathumba ka kabudula uja. Kodzadzako anakabisa m'chiuno mwake. Anadziuza kuti sakupha munthu, akungofuna kuti tsiku limodzi lokha athamange mofanana.

Ku bwalo kunali mphepo youma ndi fumbi la anthu ambirimbiri. Mercyline anapopera kawiri monga mwa chizolowezi, nabweza kampope m'thumba, kenako anamugwira mkulu wake dzanja kuti apemphere. Atangoti ameni Jeptanui anathamangira kuchimbudzi, ndipo kumeneko anapopera mpaka kuiwala kuwerenga. Manja anayamba kunjenjemera, mtima ukugunda ngati ufuna kutuluka pakamwa. Iye anati ndiye mphamvu zija zayamba kubwera. Posowa potaya kampopeko, poti chikwama chinali chimodzi ndi mng'ono wake, anakabwezera m'chiuno.

Mfuti italira anathamanga bwino onse awiri. Pofika kuzungulira komaliza Mercyline anali patsogolo, Jeptanui pambuyo pake penipeni. Ali pa chitunda, Jeptanui anamva kaphokoso kamene ankakadziwa kuyambira ali ana, kulira kwa mluzu m'chifuwa. Anaona mng'ono wake akupisa m'thumba, akupopera, akupoperanso, akukagwedeza kampopeko modabwa. Kenako miyendo ya Mercyline inalobodoka, nagwada m'mbali mwa njira. Anatukula dzanja, ndipo pakamwa pake panatuluka liwu limodzi lokha, lopanda mpweya.

"Achemwali."

Kampope kodzadza kanali m'chiuno mwa Jeptanui, kakumukhudza khungu. Kuima kunali kosavuta. Koma kutsogolo kunali njira yoyera, yopanda msana wa munthu aliyense, imene anali asanaionepo chibadwire. Anayang'ana kumbali, nadutsa.

Anapambana. Anthu anakuwa dzina lake lenileni, ndipo kwa kanthawi kochepa zinamukoma monga ankaganizira. Asanapume n'komwe, mayi wina wovala chikwangwani pachifuwa anamugwira pamkono, nati wasankhidwa kukayezedwa mkodzo, ndipo kuyambira pamenepo sachoka pamaso pake. Chapatali Jeptanui anaona anthu atanyamula munthu pamachira kulowera ku ambulansi, amayi ake akuthamanga pambuyo, mpango utagwa. Anapempha kuti apite kuseri kaye yekha, koma mayiyo anati kulikonse apitira limodzi.

Lamulo la oyeza ndi loti wopereka mkodzo atsitse zovala woyezayo akuona, kuti pasakhale zachinyengo. Jeptanui atangotsitsa kabudula, kampope kanagwa pa simenti kuti gwa, nkugubuduzika mpaka pa nsapato ya mayiyo. Mayiyo anakatola, nafunsa ngati ali ndi chilolezo. Jeptanui anati chilipo kunyumba, cha banja lawo. Mayiyo anati chilolezo cha banja kulibe, ndipo anafunsanso kuti kampopeko ndi ka yani. Apa mantha anamaliza zimene nsanje inayamba.

"Ndi ka mng'ono wanga. Anandipatsa yekha. Anati ndipopere kandithandiza."

Mayiyo analemba mawuwo, ndipo Jeptanui anasaina.

Mercyline anatsala pang'ono kupita. Anafika kuchipatala milomo itada, ndipo anagona masiku angapo ndi mpweya wa m'mabotolo. Atatuluka anali wowonda, wosalankhulalankhula. Makolo ankangoti mwina kampope kanawonongeka, ndipo ankathokoza Mulungu kuti mwana wina wadwala koma wina wapambana. Jeptanui anathamangira kwa Kibor kuti amuuze chochita. Kibor anamuyang'ana ngati mlendo, nati iye ntchito yake ndi miyendo, za m'kamwa mwa anthu sazidziwa, ndipo asadzapondenso pakhomo pake.

Patapita milungu a Sirma anabwera kunyumba nkhope itagwa. Anakana tiyi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo pakhomopo. Anati mkodzo wa Jeptanui wapezeka ndi mankhwala oletsedwa ochuluka zedi, chipambano chake chafufutidwa ndipo malo ake mu timu apatsidwa kwa wina. Anatinso nkhani siinathere pomwepo. Malinga ndi zimene Jeptanui anasainira, Mercyline ndiye anapereka mankhwalawo, ndipo wopatsa mnzake mankhwala oletsedwa amalangidwa koposa womwayo. Onse awiri ankafunika kukaonekera pamaso pa akuluakulu a zamasewera ku Nairobi.

Bambo Kimitei anatembenukira kwa Mercyline namufunsa ngati zinali zoona. Mercyline anangoyang'ana pansi. Bambowo anati anayenda m'zipatala ndi mwana ameneyu kuti apeze chilolezo cha moyo wake, iye nkuchisandutsa switi wogawira anzake, ndipo anatuluka panja. Tinene zoona ngakhale zili zonyansa: Jeptanui ataona mng'ono wake akukalipiridwa, mtima wake unazizirako. Anati mumtima ngati iye sathamanga, onse akhala pansi, ndipo palibe adzakhale mkulu wake wa wina.

A Sirma pochoka anamuitanira Jeptanui pa chipata.

"Chikundiwawa n'chiyani ukudziwa? Mankhwala aja chifuwa chabwino sachiwonjezera kanthu. Anangokunjenjemeretsa manja. Mwezi wonse uja unkamusiya Mercyline pa chitunda ndi miyendo yako yomweyi. Ukanalowa timu wekha, mwana iwe."

Mawuwo anamulowa Jeptanui ngati minga, koma anaumitsabe khosi.

Kutatsala tsiku limodzi kuti apite ku Nairobi, atsikanawa anatumidwa kukamweta udzu wa ng'ombe kumunsi kwa munda. Anagwira ntchito mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako Mercyline anaika chikwakwa pansi, natulutsa kampope m'thumba la siketi. Kanali kotha kaja, kamene anamwino anamubwezera potuluka m'chipatala. Anakatembenuza namuonetsa mkulu wake pansi pake, pamene panali mzere wokanda ndi msomali.

"Kakatha ndimakakanda chonchi kuti ndisasokoneze. Aka ndinakakanda Khirisimasi isanafike, nkukaponya m'chitini. M'chipinda muja timagonamo awiri."

Jeptanui anati mwina anasokoneza yekha m'mawa uja chifukwa cha phuma.

"Achemwali, musandinamize kawiri. Pa chitunda paja munandiyang'ana. Ndinaona maso anu."

Chikwakwa chinamugwa m'manja Jeptanui. Anafuna kukalipa, koma zimene zinatuluka zinali zakale zonse: kuti aliyense amangoti Mercyline, Mercyline, kuti atate amapempherera chifuwa chimodzi ngati pakhomopo pali mwana mmodzi, kuti iye ndiye anayamba kuthamanga. Mercyline anamvetsera mpaka anamaliza.

"Ndiye mumafuna mphumu yanga? Tengani. Mutenge ndi kugona chokhala, ndi kuopa fumbi, ndi kuopa utsi wa kukhitchini. Ine chibadwire ndimasirira inu, mmene mumapumira osaganiza n'komwe kuti mukupuma." Anapuma kaye, poti mawu ambiri ankamutopetsabe. "Ababa sindinawauze, chifukwa akadziwa kuti munandisiya pansi muli nako m'chiuno, sindikudziwa ngati mudzagonenso m'nyumba muja. Koma mawa akandifunsa ndikanena zoona. Ndimafuna zituluke m'kamwa mwanu."

Ananyamula mtolo wake napita. Jeptanui anatsala m'udzumo. Kwa nthawi yoyamba anaona chimene anachita mmene chinalili, chopanda zifukwa zoikirapo, ndipo anachita mantha ndi munthu amene anasanduka. Analira mpaka mutu unamuwawa.

Anapeza atate ake akukonza mpanda wa khola. Anagwada m'matope momwemo nanena zonse, kuyambira kwa Kibor, chitini cha pawindo, chitunda, mpaka bodza la pa pepala. Amayi anamva ali pakhomo la khitchini, ndipo anagwira pakamwa. Bambo Kimitei anafunsa nyundo ili m'manja, osamuyang'ana.

"Anakuitana?"

"Anandiitana, ababa."

"Iwe nkudutsa."

"Ndinadutsa."

Bambowo anaika nyundo pansi mosamala, ngati akuopa zimene dzanja lawo lingachite. Anati akanakhala kuti Mulungu sanachite chifundo, bwenzi lero ali ndi manda kuseri kwa nyumba ndi chikho pa kabati. Anati sathamangitsa mwana wolapa, poti iwonso amapempha chikhululukiro Lamulungu lililonse, koma mawu omwewo akawabwereze ku Nairobi osachotsapo ngakhale limodzi. Kenako anapita kwa Mercyline, ndipo mkulu wa mpingo uja anapepesa mwana wake wamng'ono.

Ku Nairobi Jeptanui ananena zonse. Mercyline anamasulidwa ndipo chilolezo chake chinakhalabe. Jeptanui analetsedwa mipikisano zaka zinayi, ndipo anamuwonjezera zina chifukwa cha bodza lija. Dzina lake linatuluka m'nyuzipepala, lenileni, lathunthu, mmene ankafunira kuti anthu alidziwe. Woletsedwa saloledwa ngakhale kuchita zokonzekera ndi kampu, choncho atsikana amene ankamwa nawo tiyi anayamba kumupatsa moni wapatali. Zaka zimene miyendo ya mtsikana imakhala pachimake zinamupeza akukama ng'ombe.

Mercyline anamukhululukira, koma anapempha amayi kuti amupezere bedi lakelake, ndipo kampope anayamba kugona nako pansi pa pilo. Chaka chotsatira analowa timu ya dziko. Tsiku limene ankathamanga kunja, mudzi wonse unadzaza pa wailesi yakanema ya m'sitolo ina, ndipo Jeptanui anaima kumbuyo, pafupi ndi khomo. Mercyline atatsogola, kachinthu kakale kaja kanamutsinanso Jeptanui, chifukwa nsanje siichoka tsiku limene munthu walapa. Anatseka maso napemphera kuti chifuwa cha mng'ono wake chisatseke, ndipo anapempherabe mpaka mpikisano unatha.

Ananu amene mukuwerenga nkhaniyi, kaya mumathamanga kaya ayi, imvani. Mankhwala amene dokotala walembera mnzako ndi a matenda ake, ndipo chilolezo chake si chako ngakhale mutabadwa mimba imodzi. Koma chimene chinagwetsa Jeptanui sichinali m'kampope, chinali mumtima. Anayang'anitsitsa zimene mng'ono wake anali nazo mpaka anasiya kuona miyendo imene Mulungu anamupatsa iye. Mukamva mtima ukukuwawani chifukwa mnzanu zamuyendera, thamangirani kwa makolo kapena kwa abusa mukanene tsiku lomwelo, musanafike podutsa m'bale wanu ali pansi akukuitanani.